Kabati ya Malemu Amayi

Lolemba

Achimwene aimba foni kuchokera ku Lilongwe. Akubwera Lamulungu. Akuti kabati ya malemu amayi ikungowola kunyanja kuno, bola akaisunge iwowo m'nyumba yawo ya matailosi. Ndayankha kuti ayi, ikusamalika bwino. Bodza lenileni! Mwendo umodzi waima pa njerwa, chitseko chimatsekeka ndi kapepala kopinda.

Koma kabati imeneyi sichoka muno. Ukaitsegula mumamvekabe fungo la amayi: masamba a tiyi, sopo wochapira, ndi mafuta aja ankadzola popita kutchalitchi. Zaka zinayi chimwalirireni, fungo lilipobe.

Pulani: ndiipente yoyera, pa zitseko ndidindepo timaluwa monga ndinaonera mayi wina akuchita pa foni. Achimwene akaona asowe chonena. Zofunika:
sandipepa
penti
bulashi
katoni yoboolapo maluwa
mphamvu (ndilibe)

Lachiwiri

Ana a Sitandade 3 andimaliza mawu. Kuweruka, kukokera kabati pansi pa mtengo wa mango, kuyamba kupala. Fumbi m'mphuno, m'tsitsi, m'kapu ya tiyi. Mayi wa pa foni uja anamaliza m'mphindi zitatu, akumwetulira, zovala zili zoyera. Ine maola atatu, mbali imodzi.

Kenako kuboola maluwa pa katoni ndi lezala. Duwa loyamba likuoneka ngati phazi la bakha. Lachiwiri ngati bakha yense. Ndadzitema chala.

Lachitatu

Kusitolo penti woyera watha. Aneba anga, Che Bwanali, amene amakhoma ndi kupenta maboti, andipatsa wotsala wawo. Wabuluu. Akuti, "Aphunzitsi, uyu ndiye penti. Amakafika ku chilumba cha Mbenji n'kubwerako osasuluka." Kabati yanga ilibe ulendo wa ku Mbenji, komabe ndalandira ndi manja awiri.

Ndapaka kunja konse. Buluu wake! Ukayang'anitsitsa misozi imatuluka yokha. Msana ukuwawa.

Lachinayi

Mwera! Wayamba ndili m'kalasi, kabati ili panja ikuuma. Pobwera ndapeza zomatirira pa penti:
mchenga mbali zonse
nthenga za nkhuku
masamba a mango
kausipa kamodzi kouluka kuchokera pa thandala la aneba

Ukaisisita ikukanda kuposa sandipepa ndinagula ija.

Chifukwa cha mwera womwewo asodzi sanalowe m'madzi, ndiye onse atsamira mpanda wanga, aliyense ndi nzeru zake. "Mukanasakaniza ndi petulo." "Ayi, palafini." "Mayi, ingogulani ina." Dzana ndikupala ndekha nzeru zimenezi zinali kuti? Ndatopa.

Lachisanu

Kuyesa maluwa aja, mwina angabise mchenga. Katoni yanyowa ndi penti, yakakamira pa chitseko. Pomatula, theka latsala pomwepo. Ndakhala pakhonde, ndalira pang'ono. Kwatsala masiku awiri ndipo kabati ya amayi yaipa kuposa momwe inalili Lolemba.

Che Bwanali pochokera kumzikiti andipeza chomwecho. "Musadandaule, aphunzitsi, mawa ndiikonza, Inshallah." Ndawauza katatu konse: timaluwa ting'onoting'ono basi. Agwedeza mutu, maso ali pa matabwa.

Loweruka

Msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi tsiku lonse, za zimbudzi za pasukulu. Kufika kunyumba...

Mayo ine!

Tisanamizane, ntchito ndi yaukhondo. Mchenga wonse wachoka, mwendo watsopano, zitseko zawongoka. Koma:
mizere iwiri, wofiira ndi wachikasu, kuzungulira kabati yonse monga m'mbali mwa boti
m'ming'alu monse atsekamo thonje ndi phula, akuti madzi asalowe
mkati namonso apentamo, mashelefu onse, kawiri
pa zitseko zilembo zikuluzikulu: ZONSE NDI NTHAWI

Nanga maluwa? "Maluwa a chiyani, aphunzitsi? Chamatabwa sichichoka m'manja mwanga chopanda dzina. Ndi tsoka limenelo."

Munthu wataya tsiku lake lonse pa ine, nkhope ili ngwee ndi chimwemwe. Ndathokoza, ndawaphikira tiyi. Ndikanatani?

Lamulungu

Achimwene afika ndi galimoto yobwereka, zingwe zomangira zili kale kumbuyo. Alowa, aima, awerenga zilembo. Aseka mpaka kugwira khoma. "Injini yake mwaisiya kuti?" Nanenso ndaseka, ndi mano okha.

Kenako atsegula chitseko n'kulowetsa mutu mkati, monga ndimachitira ine m'mawa uliwonse. Sindinkadziwa kuti nawonso amatero. Akhala choncho nthawi yaitali. Potulutsa mutu, kuseka kuja kwatha.

"Isungeni, achemwali."

Anyamuka tiyi asanathe m'kapu, zingwe zawo osamasula n'komwe.

Basi, ndapambana. Kabati ndi yanga, palibenso adzailimbirane. Ndatsegula, ndanunkhiza shelefu iliyonse mpaka m'makona. Penti, phula, kapetulo pang'ono. Amayi mulibe.

Ndaikamo masamba a tiyi ndi sopo wochapira, ndakankha chitseko. Chikutsekeka bwinobwino tsopano, popanda kapepala.