Tsiku limene makabati anga anayeretsa apongozi

Mpaka lero ndikamva fungo la ufa wa tirigu ndimayamba ndayang'ana kumwamba. Adzukulu anga amayesa ndikupemphera. Ayi ndithu, ndi nkhani ya makabati.

Inali nthawi ya Chitaganya, ine ndili mkamwini watsopano m'mudzi wina kufupi ndi Namitete. Ukalipentala ndinaphunzira ku mishoni, ndipo chuma changa chonse chinali sowo, puleni, hamala ndi levulo. Levuloyo, kathabwa kokhala ndi kathovu m'galasi kosonyeza ngati chinthu chakhala mowongoka, ndinkaifunditsa nsalu ngati khanda. Aphunzitsi athu anatiuza kuti tisamakhulupirire diso, tizikhulupirira levulo basi, ndipo ine mawuwo ndinangomeza osatafuna.

Vuto linali apongozi anga aamuna, mkulu wa mpingo, mlimi wa fodya wosaseka wamba. Kwa iwo mwamuna wosagwira khasu anali wongotha chakudya. Anali atatumiza kale mawu kudzera mwa akazi anga (ife sitinkayang'anana kumaso, mwambo wake ndi umenewo) kuti mvula ikagwa ndisanaonetse chaphindu, zida zija ndigulitse, ndilowe m'munda wa fodya. Zinkandiwawa, chifukwa matabwa ndinkawakonda zedi.

Ndiye kunabwera mzungu wa zamalimidwe amene anthu anamutcha Bwana Mizere, poti paliponse ankangolalikira za mizere yosunga madzi m'munda. Anali ndi kalavani, kanyumba ka matayala awiri kokokedwa ndi galimoto, komwe ankagonamo akamayendera midzi. Ankafuna makabati osungiramo mbale ndi zakudya. Kalavaniyo anaimasula pansi pa mkuyu pakhomo pathu, iye n'kubwerera ku Lilongwe.

Kalavani ikamasulidwa imagwada. Chitsulo chokokera chinali pansi, kumbuyo kuli m'mwamba, ngati ngolo imene achotsako ng'ombe. Ndinaona ndithu (musandiyese wakhungu), koma ndinati mmisiri weniweni amaonekera pa nyumba yopendekeka. Ndinapala mbawa mpaka kunyezimira, ndinakhoma makabati pakhoma lakutsogolo, ndipo shelefu iliyonse sindinaisiye mpaka kathovu katakhala pakati penipeni. Zitseko ndinangozithinitsa pang'ono monga timachitira ndi kabati ya m'nyumba. Zotsekera zinali za chiyani? Kabati imapita kuti?

Akazi anga anasuzumira tsiku lina atabweretsa thobwa.

"Abambo, nanga mashelefuwa akuoneka ngati akukwera chulu bwanji?"

"Yokhota ndi nyumbayi, mayi. Ntchito yanga ili bwino."

Bwana Mizere atabwera anasisita matabwa aja n'kuti, "Bwino kwambiri." Khukhi wake, yemwe ankamuphikira, analongedza mbale, zitini, ndi chigoba chachikulu cha ufa wa tirigu pashelefu yapamwamba. Ulendo wawo unali wodzera ku Msundwe, komwe apongozi anali ndi msonkhano wa akulu ampingo tsiku lomwelo. Apa m'pamene matama anandilowa. Ndinapempha kuti ine ndi apongozi tikwere nawo m'kalavani muja, kuti aone okha ntchito ya mkamwini wawo.

Anakoleka kalavani kugalimoto, ife n'kulowa. Ndinadabwa pang'ono kuti pansi paja pawongoka, koma mtima wonse unali pa apongozi. Ndinawakhazika pabenchi m'tsinde mwenimweni mwa makabati, atavala jekete lawo lakuda, Baibulo lili pamiyendo. Ine ndinakhala kumbuyo pafupi ndi khomo, cham'mbali, maso pansi, monga mkamwini wolangidwa bwino.

Msewu wa ku Fort Manning (lero mukuti Mchinji) unali wa mabampu okhaokha. Poyamba ndinamva kachitseko kakulira. Kenaka supuni inadutsa pamapazi anga. Pambuyo pake mbale yachitsulo inabwera ikugubuduka, n'kugona pafupi ndi supuni ija.

"Akamwini," anatero apongozi mofatsa, "kodi zitsekozi zimatseguka zokha?"

"Ndi kamphepo chabe, bambo."

Sindinatembenuke. Ndikanatembenuka ndikanaona kuti kutsogolo kwa kalavani kutadzuka, mashelefu anga onse anali ataweramira kwa apongozi. Koma ulemu unandigwira khosi, ndipo ndinangokhala n'kumaonerera zitini zikundipeza chimodzichimodzi.

Tisanafike pa Msundwe tayala linagwera m'dzenje. Ndinamva phuu, kenaka chete, kenaka chifuwa. Pamenepo mwambo ndinauphwanya, ndinatembenuka n'kuwayang'ana.

Linali tsiku la msika. Galimoto itaima, chitseko chinatseguka, ndipo munatuluka chinthu choyera mbuu kuyambira chipewa mpaka nsapato, maso okha ndiwo akuphethira. Ana anabalalika akukuwa kuti, "Chilombo!" Amayi ena anayamba kale kukwatula madengu awo. Akulu ampingo anzawo a apongozi, amene ankawadikira m'mbali mwa msewu, anangoti kakasi kuona munthu amene ankadzudzula gule sabata ndi sabata akutuluka ngati wochokera kudambwe, Baibulo lili m'manja. Ine ndinalakalaka nthaka itang'ambika.

Bwana Mizere anaseka mpaka kukhala pansi. Atapuma anatenga levulo yanga n'kuiika pashelefu, kathovu n'kuthawira kumapeto.

"Mizere yako iyi," anatero, "madzi onse athawa."

Sanandilande ntchito. Anabweza kalavani pansi pa mkuyu paja, ndipo ulendo uno chitsulo chokokera ndinachisanjika pachitsa. Ndinazula zonse, ndinayeza kuchokera pansi pa kalavaniyo, ndinaika timitengo totchinga kukamwa kwa mashelefu ndi timipiringidzo pa chitseko chilichonse. Jekete lija akazi anga analichapa osandiyankhula.

Mvula inagwa, ine ndikudikira mawu oti ndigulitse zida. M'malo mwa mawu, m'mawa wina kunabwera apongozi eni ake. Anaima chapatali, akuyang'ana mkuyu.

"Amisiri," anatero (dzina limeneli anali asananditchulepo), "ndikufuna kabati ya mbawa ngati ija. Matabwa munapala bwino. Ndinawaona pafupi kwambiri."

"Chabwino, bambo."

"Nyumba yanga siyenda. Komabe ufa uzikhala m'munsi."

Kabati imeneyo ilipo mpaka lero kumudzi kuja, ndipo khasu la fodya sindinaligwire. Levulo ndimaikhulupirirabe, sindinaleke. Kungoti munthu akandiitana kuti ndikamukhomere kabati, ndisanatulutse chida chilichonse ndimayamba ndamufunsa ngati nyumba yake ili ndi matayala.