Kwa Bwana Amene Anasintha Dzina la Khomo la Kompyuta Yathu

Mangochi, 14 Juni 1994

Wolemekezeka Bwana Mkulu wa Kampani ya Nzeru Zosatha,

Ndine Blackson Amidu, kalaliki wamba wolemba mayina a abale athu a ku Mozambique amene akubwerera kwawo. Pepani kuti munthu wa fomu thuu ngati ine ndikukudetserani tebulo.

Muno tili ndi makompyuta awiri. Ina imasunga mayina, inayo imasindikiza ziphaso zokwerera lole, ndipo amalankhulana kudzera pa chingwe. Khomo lolowera chingwecho dzina lake linali NET0. Lolemba tinaika disiki yanu yatsopano monga munalamulira. Landirani mathokozo anga.

1. Zikomo potipatsa dzina lakuti S3P1X0. N'lokongola zedi, lalitali ngati la mwana wa bwana. Vuto n'lakuti pulogalamu yathu yakale ikuitanabe NET0, ndipo khomo lili duu.

2. Zikomo posatiuza. Kuno mnyamata akatuluka ku jando ndi dzina latsopano, mudzi wonse umamva ng'oma. Inu mwatiphunzitsa kuti anthu ophunzira amasintha dzina mwakachetechete, enafe n'kutha masiku awiri tikupukuta chingwe chosalakwa.

3. Zikomo chifukwa cha katswiri wanu wa pa telefoni. Anandiuza kuti mayina akale ndi umbuli, ndidikire pulogalamu ya chaka chamawa. Ndinamuyankha kuti mchimwene wa bambo anga ku Joni amalembabe Fort Johnston, dzina lakale la Mangochi, pa envulopu, koma a positi sam'bwezera kalata. Anaseka. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndikudziwa, koma lole ya ku Mandimba inyamuka Lachisanu.

Tsono pali kankhani kakang'ono, kosayenera makutu anu. A Eduardo, amene akhala ku Namwera zaka zisanu ndi ziwiri, chiphaso chawo chinatuluka Loweruka, chitukuko chanu chisanafike. Cha akazi awo, mayi Conceição, ndi za ana atatu zili m'kompyuta, ndikuziona ndi maso angawa, koma sizingawoloke chingwe cha mamita anayi. Zolemba pamanja a pachipata cha malire salandira. A Eduardo akapanda kukwera, dzina lawo lifufutidwa. Banjali linawoloka malire mfuti zikulira osasiyana, ndipo nyumba ya ku Namwera aphwasula kale. Mayiwo akhala pakhonde pano kuyambira dzulo, ndipo ine manyazi andigwira, ndikutulukira khomo lakuseri.

Pempho langa ndi lochepa, Bwana. Lolani khomo lanu liziyankha mayina onse awiri, ngakhale mpaka Lachisanu lokha. Ngati zimenezi zinganyozetse sayansi, mpando ndakusungirani pakhonde. Mubwere mudzawauze mayi Conceição nokha kuti dzina latsopanoli ndi labwino kuposa lakale, kenaka mutithandize kunyamula katundu wa amuna awo.

Ine wanu wotsalira m'mbuyo,

Blackson Amidu