Chindoko Chimene Ndilibe

Lolemba

Simeoni akunyamuka Lolemba likubwerali. Sitima ya pa Sharpevale, kenako Joni. Mwana wa dzulodzuloli, tindevu titatu pachibwano, akuti akukakumba golide!

Zimene zakonzeka:
sutikesi yanga yachitsulo ija, ndi loko watsopano;
bulangete;
nsapato zanga za kumgodi, zikumukhwepa koma aziika nsanza;
chiphaso cha kwa DC.

Chatsala chimodzi: mawu. Za akazi a kuseri kwa komponi yogonako anthu a kumgodi, ndi nthenda ija. Ndilemba dzina lake pano poti pepala lilibe maso: chindoko.

Ife popita ku Joni palibe anatiuza. Anangoti tizisamala akuba. Mnzanga Zakeyu, amene tinkagona chipinda chimodzi, anabwera nacho kumudzi osadziwa. Mphuno inadyeka, ana ake ankangobadwa akufa. Ndikamuona Simeoni akulemba seda uku akuimba mluzu, ndimakumbukira Zakeyu. Ndikuopa, ndanena.

Ndiye nzeru yanga nayi. Kupita naye kumunda wa kachewere awiriwiri. Kukhala pansi. Kunena. Basi! Ine munthu woti ndinatsika pansi pa nthaka m'kheji, chikepe cha mumgodi, ine woimba belu pa tchalitchi cha mudzi uno, ndingakanike kulankhula ndi mwana wobala ndekha?

Masana. Tapita, takhala pamzere. Ndatsokomola. "Mwananga, ku Joni kuli..." Iye maso pa ine, ulemu wonse, chipewa m'manja. "Kuli kuzizira."

Ndamuuza za kuzizira, za akuba, za kuipa kwa juga, za kachapidwe ka sokosi. Dzuwa lapendeka tili pa sokosi. Pobwerera akuti, "Zikomo Bambo, ndamva zonse." Wamva chiyani iwe!

Lachiwiri

Ndadzuka ndi nzeru zatsopano. Cholakwa si ine ayi, ndi mwambo. Bambo salankhula zoterezi ndi mwana wake, ndi ntchito ya malume. Makolo sanali opusa.

Ndagwira tambala wanga wofiira, ulendo kwa alamu anga a Ngozo, mchimwene wa mkazi wanga Nangozo. Tambala alandira ndi manja awiri. Vuto ndi loti a Ngozo sanapitirirepo pa Balaka. Akufunsa, "Nthendayo imaoneka bwanji, alamu, kuti ndikamuuze bwino mwanayo?"

Ndafotokoza. Kachilonda koyamba, kosapweteka. Kuzimiririka kwake. Zidzolo za m'manja. Kwa munthu wamkulu mnzanga pakamwa pakumasuka bwinobwino, mpaka ndikulozera ndi chala. Ndalankhula ngati mlaliki, ndinadzimva ndekha.

Kuseri kwa nyumba akazi awo amasinja. Penapake musi unasiya kulira. Sindinalabadire.

A Ngozo asuntha pang'ono pa benchi. Asunthanso. "Koma mukuzidziwa bwino izi, alamu." Ndati ee, ndinaziona ndi maso. "Oho." Chikho cha thobwa chimene timalandizana achiika mbali inayo, ndipo sichinabwererenso kwa ine.

Madzulo amuitanadi Simeoni. Mtima pansi! Ndinaimba nyimbo pomangirira mbuzi.

Lachitatu

Ndamufunsa Simeoni mozungulira kuti amalume ake amati chiyani. Akuti adzawagulire jekete lamatumba anayi, ndi lamba ngati ndalama zitsala. Za nthenda, zii. Tambala wanga wafera jekete!

Chabwino. Mwina chikundimanga lilime n'choti ndilibe mawu a chipatala. Ndikapeza mawu aulemu, a m'buku, ndinena osagwetsa nkhope. Ndavala jekete la ku tchalitchi, wapansi mpaka ku dispensale.

Kutsogolo amayi ndi ana a chifuwa ali mbwee. Ndanong'oneza munthu wosesa kuti ndikufuna kufunsa za nthenda ya ku Joni. Wandiloza kuseri ndi tsache. Kuseriko ndapeza amuna angapo atafola pansi pa bulugama, aliyense chipewa chofika m'mphuno. Ine ndiye kupereka moni kwa onse mokweza, ngati pa ukwati.

Ndani anandiuza kuti Lachitatu ndi tsiku la jakisoni wa chindoko, ndipo mzere wake ndi umenewu? Ndani anandiuza kuti njira ya kuchigayo imadutsa pomwepo? Adutsa amayi a m'mudzi mwathu, madengu pamutu. Dengu lililonse latembenuka.

A dokotala ndi mwana wa konkuno wovala koti yoyera, koma mawu ngati kapitawo wa kumgodi. Ndati, "Ndikufunsira munthu wina." Iwo, "Onse amatero, bambo! Lowani kuseri kwa nsaluyo, masulani lamba!"

Lamba? Ine? Ndatuluka liwiro la mtondo wadooka, chipewa ndasiya pa tebulo. M'mbuyo akukuwa mpaka kuchigayo kumva: "Mubwere nawo akunyumba! Iyi sachiza munthu mmodzi!"

Mawu a m'buku sindinawapeze.

Lachinayi

M'mawa kapu yanga ili payokha pa mwala, yomangidwa kansanza pa chogwirira. Mphasa yanga ili m'khitchini, pafupi ndi nkhuku yofungatira.

Nangozo akusesa pabwalo molimbika ngati akufuna kufika pa thanthwe. Sakundiyang'ana. "Maulendo a ku Balaka aja ndi amenewa? Ati kukagulitsa kachewere!" Ndati mayi, imvani kaye, nkhaniyi ndi ya Simeoni. Tsache pansi phu! "Mukunamizira mwana? Mwana wanga woimba kwaya? Manyazi mulibe, bambo a Simeoni!"

Ndafuna kulongosola, koma mawu aja akana kutuluka monga Lolemba. Kani ndi kwa mkazi wanga komwe sinditha kuwatchula! Munthu amene ndabereka naye ana asanu.

Lero ndi tsiku la msonkhano wa amayi ku tchalitchi. Ndamva kuti apempherera "mlongo wathu wina amene amuna ake asochera". Dzina sanatchule. Anangomugwira Nangozo paphewa onse.

Zimene ndapeza pakhomo pofika madzulo, zosadziwika mwini:
mizu yomanga m'chikwatu cha masamba a nthochi;
makungwa owawa, ati ndizimwera m'phala;
botolo la madzi akuda, lonunkha ngati khola la atonde;
chipewa changa, chobwezedwa ndi mwana wasukulu atachinyamula pa kamtengo.

Chodabwitsa n'chakuti amuna a mudzi uno, ooneka oyera pa Sabata, akudziwa mankhwala ambiri chonchi. Wina wandipeza kumunda, wayang'ana uku ndi uku, n'kunong'ona, "Musadandaule, ine mizu imeneyo inandithandiza." Sindimulemba dzina. Koma amakhala benchi yakutsogolo.

Atsala masiku ochepa, ndipo Simeoni akudziwabe za sokosi zokha.

Lachisanu

Abwera a Chimbalanga, mkulu wa mpingo, Baibulo m'khwapa. Ndi bambo wake wa Esitere, mtsikana amene Simeoni watomera, woti adzakwatirane akabwerako ku Joni. Dzanja sanandipatse. Akhala patali ngati ndine ng'anjo.

Ndawauza zoona zenizeni: palibe akudwala, ndimangofuna kuchenjeza mwana. Iwo, "Munthu wabwinobwino amafola kuseri kwa dispensale?" Ndati ndinasochera. "Nanga zidzolo za m'manja munazidziwa bwanji?" Musi uja! Kenako atsitsa mawu: "Kapena wodwalayo ndi mnyamatayu? Mundiuze lero, ndimuchotse mwana wanga pa chitomero."

Ayi! Ayi, ayi! Simeoni ndi woyera ngati ufa, ndalumbira mpaka kuimirira.

"Ndiye ndi inu."

Ndakhala pansi. Nditani? Ndikati si ine, akuti ndi mwana. Ndikati si mwana, akuti ndi ine. Nthenda yoti kulibe, koma ikufuna mwini wake.

Atenga kachitsulo kanga koimbira belu, akuti mpaka akulu akhale pansi pa nkhaniyi. Kachitsulo koti ndinachokera nako ku Joni ndekha! Akanyamula atakakulunga m'mpango.

Simeoni sanaoneke m'mawa wonse. Wabwera masana fumbi lili m'maondo, nkhope ya munthu wamkulu. Wandilanda khasu. Wandilanda thumba la kachewere. "Khalani pamthunzi, Bambo, musadzitopetse." Wandibweretsera madzi, m'kapu yakansanza ija.

Ndimati ndimuuze lero. Ndayamba, "Mwananga..." Iye, "Pumulani, Bambo. Tikamba mawa." Tikamba! Amalamula ndani pakhomo pano?

Loweruka

Mmamawa Simeoni waima pakhomo la khitchini, chipewa m'manja. "Bambo, tiyeni kumunda wa kachewere awiriwiri."

Tapita. Wandikhazika pamzere womwe uja. Watsokomola. Makutu akuchita kutuluka thukuta, koma wanena. Dzina lenilenilo, chindoko, kulitchula pamaso pa bambo wake, dzuwa likuswa mtengo! Ndinayang'ana kumwamba kudikira mphezi. Sinabwere.

Kani dzulo anali ku dispensale. Anakawafunsa a dokotala zonse, kuti adziwe mmene angathandizire bambo wake asananyamuke. Ndipo wandiphunzitsa ine, akuwerenga pa zala:
chimabwera pogona ndi munthu amene ali nacho, ngakhale aoneke wonenepa ndi wosalala;
chilonda chikapola sikuti nthenda yatha, yangobisala;
mizu ndi makungwa ndizitaye kudzala;
jakisoni ndimalize yense, osathawira pakati;
amayi nawonso apite;
chimafika mpaka kwa mwana wa m'mimba;
kapu ilibe mlandu, a dokotala aseka za kansanza.

Zonse zimene ndakhala ndikuzifunira mawu kuyambira Lolemba, ndi zina zimene ineyo sindimazidziwa!

Kenako wagwetsa nkhope. "Musachite manyazi, Bambo. Ndinu bambo anga basi." Wakumba dothi ndi chala. "Ine ndaona zimene zachitika pakhomo pathu sabata ino. Amayi kulira, inu kugona ndi nkhuku. Ku Joni sindikayandikira kuseri kwa komponi, olo anzanga andiseke. Ndipo ndikadzaona kachilonda kalikonse, ndithamangira kuchipatala tsiku lomwelo. Esitere sadzalira chonchi."

Pakamwa panga panali potseguka kale kuti ndinene kuti iwe, ine ndilibe kanthu, ndi bodza la musi ndi madengu. Ndinamuyang'ana. Ndinakumbukira Zakeyu. Ndikamuuza zoona aseka, aiwala zonsezi sitima isanafike pa Balaka.

Ndatseka pakamwa. Ndati, "Zikomo mwananga, ndamva zonse."

Misozi inabwera yokha, yeniyeni. Iye amayesa ndi ya kulapa, wandisisita pamsana.

Lamulungu

Belu aimba a Ngozo. Kuimba kwake ngati akuthamangitsa anyani m'munda. Pa tambala wanga, tsopano ndi belu womwe!

Ndakhala benchi yakumbuyo, ndekha, malo okwana anthu asanu. Ulaliki wa mwana wolowerera. A Chimbalanga akamati "nkhumba" akuyang'ana kwa ine. Uja wa mizu uja akugwedeza mutu mwachisoni kutsogoloko.

Titaweruka ndamutsatira Nangozo kudimba. Ndati ngati mwana wakwanitsa, inenso ndiyese. Ndatseka maso, ndanena zonse kuyambira sokosi mpaka lamba, ndi dzina la nthendayo lomwe. Ndatsegula diso limodzi. Mayi wakhala pansi pakati pa mpiru, akuseka mpaka kutsamwa, misozi chuchuchu. "Inu! Inu bambo a Simeoni! Mawu awiri okha mpaka kugulitsa tambala, belu ndi mbiri yomwe?"

Ndati ndiye mphasa yanga ibwerere m'nyumba lero. Wapukuta maso, waganiza. "Ayi. Mwana asazindikire. Mugonabe ndi nkhuku mpaka sitima inyamuke."

Zimene zatsala:
mawa kumuperekeza ku Sharpevale, ndiyende motsimphina pang'ono, watero Nangozo;
Lachitatu kuseri kwa dispensale, poti Simeoni wandilumbiritsa, ndipo a dokotala akundidikira ndi lamba wanga yemwe;
akakapanda kupeza kanthu, Nangozo akauza amayi a Lachinayi, ndipo mwina pofika nthawi yokolola anthu adzayambanso kundipatsa dzanja.

Sutikesi yatsekedwa. Simeoni wayesa nsapato zija, akuyenda nazo pabwalo gwa gwa gwa. Akupita akudziwa, ndipo mwina adzabwerako ndi mphuno yake. Dzina langa lapita, koma mantha aja a Lolemba achepa. Ndavomera.

Pomwe ndikulemba pano mng'ono wake Yohane akuitana mbuzi kukhola, ndipo ndamva mawu ake akuyamba kukula. Pambuyo pake pali atsikana atatu.

Ambuye ndichitireni chifundo. Sindikudziwa kuti ndidzadwalanso chiyani.