Ng'oma ya a Kamzimbi

Mwambi uwu mumangoutchula, ana inu, koma mwini wake simumudziwa. Unayamba motere.

M'mudzi wina kuseri kwa phiri munali bambo dzina lake Kamzimbi. Sanali waulesi ayi. Anali ndi ngolo, ng'ombe ziwiri zoikoka, njinga ndi wailesi, ndipo mkazi wake Nachanza anali ndi makina osokera. Vuto la Kamzimbi linali limodzi: sankakhulupirira kuti chinthu chingachitike chokha. Akapunthwa, ankacheuka kufunafuna amene waika mwalawo.

Tsiku lina ng'ombe imodzi inadzuka ikutsimphina. Chimanga chinali chitauma kumunda, ndipo ngolo siyenda ndi ng'ombe imodzi.

Pamudzipo panali sing'anga, a Bizaliyele, amene ankamatanso ndowa zobooka. Mankhwala awo a zilonda ankagwira ntchito, koma anali ndi khalidwe limene Kamzimbi ankadana nalo. Chimene sakuchidziwa ankanena kuti sakuchidziwa, ndipo odwala ena ankangowauza kuti apite kuchipatala.

A Bizaliyele anabwera, nanyamula mwendo wa ng'ombe ija, nasuzumira.

"Ndi munga uwu. Walowa pakati pa ziboda. Igwireni ndiuchotse."

"Waibaya ndani?" anafunsa Kamzimbi.

"Yauponda yokha. Ng'ombe sivala nsapato."

"A Bizaliyele, taombezani bwino. Ine ndikukayikira alamu anga. Chigulireni ngoloyi, moni wawo ndi wa pakona pa mlomo."

"Sindingatchule munthu pa chinthu chimene ndikuchiona ndi maso. Alamu anu ndi alamu anu, uwu ndi munga."

Kamzimbi anawauza kuti autule mwendowo akamate ndowa zawo.

Lachinayi kumsika anakumana ndi mlendo wovala mkanjo woyera ndi magalasi akuda, m'manja atanyamula mchira wa nyama. Pambuyo pake pankayenda anthu anayi. Dzina lake ankati Dokotala Chivomezi, wochokera kutsidya kwa nyanja zitatu.

"Bambo inu, taimani," anatero Dokotala. "Mwasenza chinthu cholemera. Kunyumba kuli ziweto?"

"Ng'ombe ziwiri."

"Mizimu ikuti ziwiri. Zili bwino?"

"Imodzi ikutsimphina mwendo wakumbuyo."

Dokotala anatsinzina, nanjenjemera pang'ono. "Ndikuona ng'ombe. Ikutsimphina. Mwendo wake ndi wakumbuyo."

Kamzimbi anagwira pakamwa. Zinthu zoterezi anali asanazionepo.

"Alipo amene mukumukayikira?"

"Alamu anga."

"Musanditsogolere, bambo, ntchito ndi yanga." Anatsinzinanso. "Ndi alamu anu."

Pofika masana mizimu inali itaululanso, mwa njira yomweyo, za njinga, za wailesi, za makina osokera, ngakhalenso zoti Loweruka Nachanza adzalawirira kupita ku chinkhoswe cha mng'ono wake. Mizimuyo inasankha Loweruka.

Loweruka m'mawa, Nachanza atangozimiririka panjira, Dokotala anafika ndi anthu ake atanyamula ng'oma. Anazungulira nyumba katatu akununkhiza.

"Tsoka lalowa m'katundu," anatero. "Chilichonse chimene alamu anu anachiyang'ana ndi diso la nsanje chikasambitsidwe kumtsinje. Ankayang'ana chiyani?"

"Zonse," anatero Kamzimbi.

"Mizimu ikuvomereza. Koma tsoka silituluka popanda ng'oma, ndipo woomba ng'omayo akhale mwini khomo. Khalani pampando apa, nkhope iloze kuchulu uko. Musaleke mpaka dzuwa litapendeka. Mukacheuka, kutsimphina kwa ng'ombe kusamukira kwa inu."

Tsono Kamzimbi paunyamata wake ankaombera amayi chimtali, ndipo manja ake anali asanaiwale. Ataiyamba ng'oma ija, inalira mokoma mpaka kudambo kunamveka. Amayi anasiya mitsuko pachitsime. Abambo anatsamiritsa makasu. Posakhalitsa bwalo linadzaza.

"Kwagwanji kuno?" anafunsa munthu wina kumbuyo kwake.

"Tikutulutsa tsoka," anamveka Dokotala. "Wofuna madalitso agwireko."

Ndani safuna madalitso? Wailesi inatuluka ili pamutu pa mayi wina akudula chiuno. Njinga inatuluka m'mwamba, anthu akuipatsirana. Makina osokera anatuluka ndi abambo awiri, akuponda mogwirizana ndi ng'oma, kutsogolo kawiri, kumbuyo kamodzi. Zonse zinkakwezedwa m'ngolo. Kamzimbi sankaona kanthu koma chulu. Ankangomva nthungululu ndi mapazi, mtima wake n'kumadzaza. Chikwatireni, pakhomo pake panali pasanabwerepo anthu ochuluka chotere.

Kenaka kukhola kunamveka phokoso. "Yachira! Ng'ombe yachira!"

Zinalidi zoona. Dokotala anali atanyamula mwendo wa ng'ombe, naona munga, nauzula ndi kampeni, pakuti nayenso ankadziwa kuti ngolo siyenda ndi ng'ombe imodzi. Khosi la Kamzimbi linafuna kutembenuka lokha, koma iye anaugwira mtima. Anawonjeza mphamvu pang'oma, misozi ikulengeza.

"A Kamzimbi," ananong'ona mnansi wina, "akuti mpando mwakhalirawo alamu anu anakhalirapo."

Kamzimbi ananyamuka pang'ono osaphonya ng'oma, mpando n'kuchoka, iye n'kunjuta.

Anamva goli likumangidwa. Anamva matayala a ngolo akulira, kulira kwake kukunka kutali. Anamva Dokotala akutsanzika kuti akubwera posachedwa, anthu asaleke kuvina. Ndipo sanaleke.

Nachanza anabwerera dzuwa lili pamutu, chifukwa anaiwala nsalu imene anasokera mng'ono wake. Anapeza mudzi wonse uli fumbi koboo pabwalo pake. Analowa m'nyumba popanda kutsekula, pakuti chitseko panalibe. M'katimo anaima kanthawi, natuluka.

"Abambo."

"Musandilankhulitse, Nachanza, ndili pa ntchito."

"Makina anga ali kuti?"

"Akusamba."

Nachanza anaikoka ng'oma ija, naikhazika pambali. Bwalo linati zii. Kamzimbi anacheuka pang'onopang'ono, nagwira mwendo wake wamanzere, kenaka wamanja. Yonse inali bwino. Atatero ndi pamene anayang'ana khola, nayang'ana nyumba.

"Abwera," anatero. "Kumtsinje n'kutali."

"Mtsinje uli uku," anatero Nachanza. "Ngolo yalowera uko."

Kamzimbi anathamangira kwa a Bizaliyele, manja ali matuza okhaokha. Anawapeza akumata ndowa.

"Ombezani msanga! Alowera kuti?"

"Sindikudziwa," anatero a Bizaliyele. "Koma ngolo siuluka. Yang'anani pansi, mutsate matayala. Wina athamangire kupolisi."

Anatsata matayala mpaka kudambo la mudzi wachitatu. Kumeneko anapeza ngolo itatitimira m'matope, ng'ombe zikudya msipu ngati palibe chachitika. M'ngolomo munatsala chitseko ndi mpando. Njinga, wailesi ndi makina zinali zitapitiriza ulendo, ndipo Dokotala Chivomezi sanaonekenso kuderalo. Amene anavula malaya n'kulowa m'matope kukankha ngolo anali alamu ake aja. Kamzimbi anawathokoza akuyang'ana kumbali.

Madzulo a tsikulo a Bizaliyele anamupaka mankhwala m'manja, nam'manga tinsanza.

"Koma munthu uja ankaona zinthu," anatero Kamzimbi. "Anadziwa ngakhale mwendo wake."

"Anakuuzani chiyani chimene inu simunayambe mwamuuza?"

Kamzimbi anakumbukira za ng'ombe, za mwendo ndi za alamu ake. Zonse zinatuluka pakamwa pake pomwe.

"Anakugulitsani mbuzi yanu yomwe," anatero a Bizaliyele. "Tsiku lina mukadzafuna sing'anga, ngakhale asakhale ine, mudzayambe mwafunsa kwawo, mufunsenso amene anawachiza ali kuti. Ndipo wokuopsezani kuti musacheuke, cheukani."

M'mawa mwake Nachanza anaitanitsa anansi onse pabwalo lomwe lija. Anafuna kumva m'mene anthu akuluakulu, ena a iwo akulu a mpingo, anatulutsira katundu wa mnzawo dzuwa likuswa mtengo.

Anayamba ndi mmodzi wa akuluwo. "Inu a Folopensi, makina anga munanyamula ndinu?"

"Mbali imodzi yokha, mayi."

"Simunadabwe?"

"Tinadabwa pang'ono pa chitseko. Koma mwini wake anali pomwepo, ndipo sanaleke kuomba." A Folopensi anakanda m'mutu. "Komanso tinene zoona, mayi, ng'oma inali yokoma."

Anthu anavomereza ndi mitu. Kamzimbi, atakhala pampando wake uja manja ali m'nsanza, anakweza nkhope koyamba chichokereni kudambo.

"Sindinaphonye ngakhale kamodzi," anatero.

Nachanza anamuyang'ana mwamuna wakeyo, nayang'ana anansi, nayang'ana pakona pamene pankakhala makina ake. Sanakalipe. Anangomanga chitenje chake bwinobwino, nanena mawu amene anthu anabwerera nawo kumakomo kwawo, ndipo mpaka lero sanawatule:

"Wopusa anaomba ng'oma, wochenjera navina."