Masokosi Anga Anafika ku Likoma, Ine Ayi

"Tsikani, aKilo! Chimimba chanuchi chitimiza tonse!"

Amene ankakuwa choncho anali aTomasi, mwini bwato, ndipo wokuwiridwayo ndinali ine, munthu wa zaka makumi anayi ndi zisanu, wophunzira ku misheni ya Msumba mpaka kusekondale ku Lichinga. Tinali tisanapitirire ndi pothera bango pomwe. Ndinali nditapalasa kakhumi, mwina kakhumi ndi kawiri, kenaka mpweya unandithera, nkhafi inandipulumuka, ndipo poti ndiitole bwato lonse linapendama, madzi n'kulowa m'dengu la ufa la mayi wina. Ndinayankha mmene ndinkayankhira masiku amenewo. Ndinawauza aTomasi kuti bwato lawo ndi chipika chowola, ndiponso kuti iwo sadziwa ndi kulemba dzina lawo lomwe. Anandibweza kumtunda. Anati m'bwato mwawo mwamuna aliyense amapalasa mpaka ku Likoma, ndipo ndikadzapeza mpweya wa munthu ndidzabwerenso.

Mwina mukuganiza kuti manyazi anga ndi amenewa. Ayi, uku kunali kutsegula chitseko chabe.

Inali nthawi ya nkhondo. Mudzi wathu uli kumwera kwa Kobwe, ndipo kukacha bwino chilumba cha Likoma chimaoneka ngati ungachikhudze. Mkazi wanga, amake Luka, anali atawoloka kale ndi ana athu atatu, pamene mbiri inamveka yoti anthu a m'tchire atentha midzi kumapiri. Ine ndinakana kupita. Ndinati ndine woyeza nsomba wa koperativa, bungwe lija logula nsomba kwa asodzi, sindingasiye sikelo ya boma (palibe amene anandipempha kuti ndiilondere). Patapita miyezi iwiri koperativa inafa yokha, galimoto yodzatenga nsomba itasiya kubwera, ndipo ndinatsala m'nyumba ya zipinda zitatu ndi sikelo, nkhuku imodzi ndi mimba.

Za mimbayi ndifotokoze. Zaka zimene anthu onse ankaonda, ine ndinkanenepa, chifukwa woyeza nsomba sagona ndi njala. Asodzi ankaona zimenezi. Dzina loti aKilo silinali la chikondi.

Kukhala wekha kumapusitsa. M'mawa ndinkatulutsa makapu awiri, kenaka n'kubweza imodzi mwakachetechete ngati pali wina akundiona. Nkhuku ija ndinkaiuza nkhani. Masana ndinkakhala pakhonde kuyang'ana Likoma, ndikuganiza kuti utsi ukufuka ukowo mwina ndi wa mkazi wanga. Munthu amene ndinkakangana naye tsiku lililonse kwa zaka makumi awiri anali tsidya lina, ndipo ndinapeza kuti wosowa wokangana naye amadwala.

Choncho ndinaganiza zopeza munthu woti andilimbitse thupi. Mudzati, bwanji osangopempha msodzi kuti akuphunzitse kupalasa? Funso labwino. Vuto linali loti panalibe msodzi amene ndinali ndisanamunyoze. Amene akanandithandiza kwambiri anali aYakobo, bambo wachikulire wofatsa amene ankapalasa ngati akuyenda pansi. Koma aYakobo ndinawauzapo pagulu kuti usipa wawo ukununkha ngati mwini wake. Nditawaona pagombe akusoka ukonde ndinangolambalala.

Ndinafunsa za mphunzitsi wa masewero wa pasukulu, akuti anathawira ku Nkhata Bay. Ndinapita kwa mkulu wa milisiya, gulu lolondera mudzi, amene ankathamangitsa anyamata pabwalo. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumimba, n'kunena kuti andiphunzitsa ulere ngati ndivomera kunyamula mfuti ndi kukagona kumsewu wa kumapiri. Ndinamuuza kuti ndikaganiza kaye. Mpaka lero ndikuganizabe.

Amene anatsala anali aBanaba. ABanaba tinkawadziwa tonse, chifukwa nkhondo isanabwere ndiwo ankaphunzitsa gulu la mganda la m'mudzi mwathu, gule uja amuna amavina atavala zoyera, ali pamizere ngati asilikali. Anali wamkulu kwa ine ndi zaka khumi, woonda ngati nkhafi, wowongoka msana, ndipo ankatha kuvina kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka osapempha madzi. Ng'oma zitaletsedwa anangokhala, akulima chinangwa, gulu lawo litabalalika. Nditawafotokozera, anandizungulira kawiri ngati akugula mbuzi.

"Ntchito ilipo," anatero. "Koma ndalama sindifuna, palibe chogula. Ndinamva muli ndi masokosi oyera."

Analidi nawo uthenga woona. Anali masokosi aatali ofika m'mawondo, amene ndinagula pa ukwati wanga, ndipo kwa munthu wa mganda masokosi otero ndi ufumu. Ndinawapatsa tsiku lomwelo. Anawavala pomwepo, popanda nsapato.

Tinagwirizana kuti tizikumana kuseri kwa kaphiri, pamunda wina wosiyidwa, kuti anthu asandione. Tsiku loyamba anandiimitsa chilili, chibwano m'mwamba, mimba m'kati (inakana). Lachiwiri anandikwezetsa kaphiri katatu, iwo ali patsogolo akuimba, ine kumbuyo ndikulira ngati ng'ombe. Lachitatu anadula ndodo ziwiri, nati izi ndi nkhafi, tizipalasa pamtunda. Apa mtima wanga unakhala pansi, ndinati tsopano tafika pa nkhani.

Koma aBanaba anali ndi matenda amodzi: chilichonse chimene agwira chinkasanduka mganda. Tikapalasa kanayi, ankati tsopano tembenukani. Ndikatembenuka, ankati gwadani pang'ono, phazi lamanzere patsogolo, ndodo paphewa, yendani. Ndinawafunsa ngati m'bwato muli malo otembenukira. Anati mpweya wa munthu umakhala m'mapazi, ndipo amene sadziwa kuponda sangadziwe kupalasa. Pofika sabata yachiwiri ndinali ndikuguba m'munda wa eni, ndavala kabudula wa khaki, ndodo paphewa, mpango m'dzanja lamanzere.

Ndivomere chinthu chimene sindinawauzepo iwo. Ndinkadikira m'mawa ndi mtima wonse. Panali munthu amene ankandiyembekezera penapake, amene ndikachedwa ankandikalipira. Tikatopa tinkakhala pamwala, iwo n'kumandiuza mayina a anyamata awo a mganda, uyu ali ku Likoma, uyu anatengedwa usilikali, uyu sitikudziwa. Ndinazindikira kuti nawonso ankatulutsa makapu awiri mwa njira yawo. Gulu lawo lonse tsopano linali ine.

Pakhosi pawo pankalendewera wenzulo wachitsulo, amene ife kunyanja timati pito. Sankamuimba. Masiku amenewo pito anali ndi ntchito imodzi yokha: akalira katatu, ndiye kuti a m'tchire afika, aliyense athawire kunyanja. Choncho aBanaba ankawerenga ndi pakamwa, chapansipansi, "Uu, doyishi, uu, doyishi," ndiko kuti chimodzi, ziwiri m'chizungu cha kwathu, pito akungogunda pachifuwa.

Kumapeto kwa sabata yachitatu aTomasi anabwera kuchokera ku Likoma ndi kakalata ka amake Luka. Munali mizere inayi. Anati ana ali bwino, Luka wayamba sukulu, ndipo wamng'ono uja akaona mwamuna wonenepa aliyense amamuthamangira. Za iwo eni sanalembe kanthu, anangofunsa ngati sikelo ikundiphikira bwino. ATomasi anati awolokanso Loweruka.

M'mawa mwake ndinamangirira sikelo ija pamtengo wa mango kuseri kwa nyumba, ndinakoleka thumba, n'kukhalamo ngati kampango. Nditasuzumira muvi ndinapeza kuti masabata atatu a thukuta andichotsera theka la kilo. Ndipo sikelo imeneyo ndinkaidziwa bwino kuposa munthu aliyense: inkachepetsa, sinkawonjezera.

Ndinafika kumunda nditapsa kale mtima. ABanaba anayamba zawo zija, tembenukani, gwadani, ndodo paphewa. Tinaguba kawiri kuzungulira munda. Kenaka ndinaponya mpango pansi. Ndinawauza kuti andidyera masokosi, kuti ine ndinafuna mphunzitsi osati mkazi wovina chioda, ndipo kuti kusekondale mphunzitsi weniweni ankatithamangitsa ndi wenzulo, osati kunong'ona ngati akuitana nkhuku.

"Pito uyu saimbidwa, aKilo, mukudziwa," anatero mofatsa.

"Kuno kuseri kwa phiri amva ndani? Mbalame?"

Ndinawatsomphola pito uja, chingwe n'kuduka, ndipo ndinamuimba ndi mpweya wonse umene iwo anandipatsa. Sindinawerenge kuti kangati. Anthu anandiuza pambuyo pake kuti kanali katatu, komveka bwino, ndipo mphepo inali ikuchokera kumapiri kupita kumudzi. Anandiuzanso kuti amayi awiri otola nkhuni anali atangoona, kudzera m'mitengo, amuna a khaki akuguba ndi zinthu zazitali paphewa.

Tinayang'anana. Kenaka kumudzi kunamveka mfuu. "Abwera! Abwera!" Agalu, ana, zitini kugubuduka, ndipo wina wa milisiya anaombera m'mwamba.

Apa ndiye pamene pali manyazi anga enieni, ndipo ndikupemphani musandifunse kuti sukulu ndinapitiranji. Sindinaganize n'komwe za pito amene anali m'dzanja langa. Nditamva mfuti ndinati afikadi. ABanaba nawonso anaganiza chimodzimodzi, chifukwa nditacheuka ndinangoona masokosi anga akudumpha mizere ya chinangwa ngati agwape awiri oyera. Ndinawatsatira. Ndinathamanga mmene ndinali ndisanathamangirepo chibadwire, ndikuthawa ine mwini, ndipo kunena zoona maphunziro aja anagwira ntchito, chifukwa sindinagwe mpaka pagombe.

Koma ndinafika womaliza. Mabwato onse anali pamadzi. La aTomasi linali patsogolo, lodzaza, likulunjika ku Likoma osadikira Loweruka, ndipo kumbuyo kwake kunakhala munthu wowongoka msana, akupalasa mokongola, mwendo umodzi woyera uli pamphepete. Ndinakuwa dzina lawo. Sindikudziwa ngati anamva. Anakweza nkhafi kamodzi, mwina kunditsanzika, mwina inali sitepe ya mganda.

Ndinalowa m'bango, madzi ofika m'chiuno, kudikira adani. Ndinakhalamo nthawi yaitali, udzudzu ukundidya, ndikupemphera mapemphero onse a ku Msumba amene ndinkawakumbukira. Mudzi unali zii. Kunalibe utsi, kunalibe kukuwa, tambala wina ankangolira ngati tsiku lililonse. Ndiye poti ndipukute nkhope ndinamva chinthu cholimba m'dzanja. Ndinatambasula zala. Ndinamuyang'ana pito uja, nayenso anandiyang'ana.

Ndikanatha kumuponya m'madzi, ndipo palibe akanadziwa. Ndinaganizadi zotero. Koma amayi otola nkhuni aja, mantha atawathera, anayamba kukumbukira kuti mmodzi wa adaniwo anali ndi mimba imene anaionapo penapake.

Masana anthu anabwerera, kupatula a m'bwato la aTomasi, amene anafika ku Likoma n'kuganiza zokhala komweko. Panali miphika yosweka, mbuzi zosowa, ndi gogo wina amene ananyamulidwa pachitseko n'kuiwalidwa pamchenga. Mkulu wa milisiya anandiimika pabwalo, nandilanda pito, nandiuza mawu amene sindingawalembe pano. Mudzi wonse unalankhula, aliyense ndi mbali yake, ndipo ena anabweza ndi za usipa zomwe. Ndinabwerera kunyumba, ndinaiuza nkhuku zonse, ndipo ndinaganiza za aBanaba akutsika pagombe la Likoma, mkazi wanga n'kuzindikira masokosi a pa ukwati wake ali m'miyendo ya mwamuna wina. Bwato lopita kwa ana anga linali litapita, mphunzitsi wanga atapita nalo, ndipo amene anawathamangitsa onsewo ndinali ine.

M'mawa mwake ndinadzuka nthawi ya maphunziro, thupi litazolowera. Ndinavala kabudula wa khaki, ndinaima pakhomo, n'kukumbukira kuti kuseri kwa kaphiri kulibe amene akundidikira. Ndinamasula sikelo pamtengo wa mango, ndinaiika paphewa, n'kutsikira kugombe. AYakobo anali pomwe paja, akukankhira kabwato kawo m'madzi. Njira yonse ndinali ndikuyeserera mawu opepesa, koma nditafika ndinangoika sikelo ija pamchenga patsogolo pawo.

Anaiyang'ana, anandiyang'ana ine. Anati chitsulo chimenecho n'cholemera bwino, chikhoza kukhala nangula. Kenaka anandiponyera nkhafi.

"Khalani pakati, aKilo. Mukatsegula pakamwa, mukhale mukupuma."

Ndinakwera. Bwato linapendama, iwo anaseka, ndipo yankho linandifika pamilomo, lakuthwa bwino, lokhudza usipa. Ndinalimeza. Ndinaviika nkhafi m'madzi, ndikuwerenga chamumtima, uu, doyishi, uu, doyishi, maso ali ku Likoma.