Khadi Limodzi, Madala Atatu

Lolemba
Khadi la inshulansi lafika! Achimwene a ku Joni awalembetsa Ababa ku pulaiveti, ati BP imene yawagwetsa kawiri m'munda wa kachewere ionedwe bwino. Zodzuka mbandakucha kukagwira mzere ku chipatala cha boma zatha. Tipita Lachinayi. Zofunika: kusita jekete, kupeza kabaza, kuwanyengerera eni ake. Chachitatuchi ndiye ntchito.

Lachiwiri
Ndikuwafotokozera kuti kumeneko kuli mipando ya wofuwofu, dokotala pompopompo, mzere kulibe. Akundiyang'ana ngati ndawatukwana. "Chipatala chopanda mzere? Ndiye kuti anthu anachithawa." Nesi wosakalipa nayenso akuti sakumukhulupirira. Ine mutu waima.

Lachitatu
Avomera okha, osakakamizidwa. Madzulo akuti akukawaona a Jere ndi a Mbewe, anzawo amene anali nawo kumigodi. Atatuwa amakhala benchi limodzi tsiku la BP, kudyerana nthochi ndi kunamizana za ku Joni. Ndikuganiza kuti akukatsanzika. Mpaka ndamva chisoni, ine wopusa.

Lachinayi
Makabaza anayi pakhomo! A Jere avala tayi. A Mbewe atenga kabuku kawo ka kuchipatala m'jumbo ya shuga. Kufika ku pulaiveti kuja, pa Boma, mtsikana wa pa kauntala akunena mwaulemu kuti khadi ndi la munthu mmodzi. Ababa: "Mwanawe, ife tinkatsika dzenje limodzi. Ayambe Jere, BP yake ndiyo yakwera kwambiri." Zakanika. Atuluka onse atatu motsogozana, dokotala osamuona. Manyazi andigwira mpaka kumapazi.

Lachisanu
Tabwerera ku chipatala cha boma. Mzere mpaka pa mtengo wa mango, koma madala akuseka ngati ali pa ukwati. Nesi wawakalipira za mchere, iwo kukondwa. BP yakwera kwa onse atatu, ndipo mankhwala ake atha, akuti tikagule. Apa sindikuseka. Ndikuopa kuti tsiku lina Ababa adzagwa ndili kutali.

Loweruka
Ndalira pamaso pa Ababa, mwadala pang'ono. Zatheka! Alowa ku pulaiveti okha, ayezedwa, atuluka ndi mankhwala a mwezi wonse. Madandaulo awo: kukuzizira, kulibe wocheza naye, dokotala ndi mwana. Zilibe kanthu. Ndikuyenda ndikuvina mumtima.

Lamulungu
Pochokera ku tchalitchi ndawapeza pakhonde atatu aja, mapilitsi ali pa mbale, Ababa akuwaika m'milu itatu ngati tomato wa pamsika. Ndalanda mbale. Mankhwala sagawana, aliyense dokotala amamulembera ake! Ababa akuti, "Ndiye ndizimwa ndekha, anzanga akundiyang'ana?"

Ababa amwa pilitsi limodzi, ine nditaimirira pomwepo. Mawa ndiperekeza awiriwo ku famase ndi timabuku tawo. Achimwene ndawatumizira uthenga kuti adziwiretu: kuno ku Ntcheu ali ndi abambo atatu. Awerenga, sanayankhe.