Kabokosi Kamene Kanandifunsirira Mbeta

Mpaka lero ndikamadutsa pa mathandala oyanikapo usipa ku Senga Bay, sipalephera mayi mmodzi wondifunsa ngati tsitsi layamba kumera. Sindikwiya. Ndinaziputa ndekha, ndipo ndi bwino nkhaniyi muimve kwa ine mwini wake anthu ena asanakuuzeni mokometsera.

Ndine mphunzitsi wa pulayimale. Kwathu ndi ku Chipoka, koma ntchito inandiponya kuno. Nthawi imene ndikunenayi ndinali nditadutsa zaka makumi atatu ndi zisanu, wosakwatira, ndipo tsitsi la pakati pamutu linali litasamuka kalekale osatsanzika. Chipewa sichinkachoka kumutu kwanga (ana a sukulu ena ankaganiza kuti ndinabadwa nacho).

Kufupi ndi sukulu yathu kuli gulu la oyanika ndi kugulitsa nsomba, ambiri mwa iwo amayi. Wapampando wake ndi Che Amidu, bambo wamtali wosaseka chisawawa, amene timapemphera nawo mzikiti umodzi. Mlembi wa gululo anali Asiyatu, mwana wa mlongo wawo. Asiyatu ameneyu ndinali nditamukonda kwa zaka ziwiri zathunthu, ndipo m'zaka ziwirizo mawu aatali amene ndinamuuzapo anali akuti, "Usipa lero ukuoneka bwino." Aliyense kuno amadziwa njira yake: ukafuna mkazi umayamba walankhula naye, kenako umatuma amalume ako kwa amalume ake. Ine ndinali ndisanachite chilichonse mwa ziwirizi. Ndinkaopa.

Tsiku lina anandiitana kumsonkhano wawo kuti ndiwathandize kulemba kalata ya Chingerezi. Ndili pomwepo amayi anayamba kudandaula kuti ogula a ku Lilongwe amaimba foni tsiku lonse kufunsa zomwezomwezo: utaka ulipo, bonya ali ndi ndani, kampango wowamba apezeka liti. Pakamwa panga panatseguka pokha.

"Zimenezo n'zosavuta, a Tcheya. Mukungofunika webusaiti basi."

Ndinkayang'ana Che Amidu, koma mawuwo ndinkaponyera Asiyatu. Iye anadzutsa mutu pa kope lake n'kundifunsa, "Inu mumatha zimenezo, aphunzitsi?" Ndinati ee, kwambiri. Webusaiti ndinali ndisanapangepo chibadwire.

Masabata awiri otsatira ndinawathera pa laputopu yanga yakale, ndikuonera mavidiyo ophunzitsa, bandulo ikutha ngati madzi a m'lichero. Koma chinthucho chinatheka. Nsomba iliyonse inali ndi tsamba lake, membala aliyense tsamba lake, dzina ndi chithunzi chake ali pa thandala lake (wojambula ndinali ine ndemwe). Masamba anachuluka mpaka mwini wakene ndinayamba kusochera. Apa m'pamene ndinaganiza zoikapo kabokosi kofufuzira, kaja mumalembamo mawu n'kukubweretserani tsamba lomwe muli mawuwo.

Kabokosiko ndinakakongoletsa ngati mkwatibwi. Ndinakapaka mtundu wobiriwira. M'kati mwake ndinalembamo mawu oitanira akuti "Mukufuna chiyani?" Ndinakalamula kuti kazifufuza pa webusaiti yathu yokha, kasamakatole za eni ake kwina. Kakalephera kupeza kanthu, ndinakaphunzitsa kuyankha mwaulemu kuti "Pepani, palibe chomwe chapezeka." Kuseri kwake, kumene amalowako mwini webusaiti yekha, kunali mzere wa timabatani toyatsa ndi kuzimitsa. Ine ndine uja ndikagula wailesi ndimafuna batani lililonse ligwire ntchito, choncho ndinayatsa onse. Limodzi linkanena kuti kabokosi kazionetsa alendo mawu amene anthu afufuza kwambiri. Ndinawerenga, ndinamva (Chingerezi ndimaphunzitsa ndine, sindinganamizire china), ndipo ndinati n'zabwino, ogula aziona kuti usipa wathu ndi wotchuka.

Kenako ndinayamba kuyesa. Tsiku loyamba ndinalemba usipa, unabwera. Utaka, unabwera. Bonya, anabwera. Ndinati tsopano ndiyese ngati kamadziwa mayina a anthu, ndipo dzina limene zala zanga zinasankha mukulidziwa kale. Chithunzi chinatulukira: Asiyatu ataima pa thandala, mpango wachikasu kumutu, akuyang'ana kumbali ngati wojambulayo wamutopetsa. Ndinakhala ndikuchiyang'ana mpaka belu la buleki linalira.

Kuyambira tsikulo kuyesa kunakula. M'mawa asembule isanayambe ndinkayesa. Pa buleki ndinkayesa. Ndikaweruka ndinkayesanso kuti ndione ngati kabokosi sikanawonongeke masana. Usipa ndinasiya kuuyesa chifukwa unali utakhoza kale mayeso.

Choipa china chinali chakuti tsamba limeneli linkakhala lotsegula tsiku lonse, ndiye zala zinazolowera. Ndikakhala ndi funso langa la mumtima, loyenera kukafunsa kuchofufuzira chachikulu chija tonse timachidziwa, ndinkangopezeka ndalilemba m'kabokosi ka nsomba. Iko kankandiyankha mwaulemu womwe ndinakaphunzitsa kuti pepani, palibe chomwe chapezeka. Ine n'kungoti "aa, ndasokonezanso," n'kupita koyenera. Zimenezi zinachitika kangapo. Kunena zoona, zinachitika kambirimbiri.

Musaganize kuti sindinaone chizindikiro. Ndikangodina m'kabokosimo, pansi pake pankatsika kamndandanda ka mawu anga aja. Koma ndinadziuza kuti ndi laputopu yanga imene ikukumbukira, monga foni imakumbukirira mawu amene umalemba kawirikawiri. Ndinakondwera nazo, chifukwa tsopano dzina lija ndinkangolidina osalemba. Ndipo poti ndine wochenjera, ndinakonza kuti tsiku lotsegulira webusaiti ndidzabwereke laputopu ya ahedi, yosadziwa zinsinsi zanga. Ndinadziyamikira kwambiri chifukwa cha nzeru imeneyi.

Tsikulo linali Loweruka m'mawa, mu shedi ya malata imene gulu limasungiramo nsomba mvula ikagwa. Tinabwereka tivi yaikulu kwa mkulu woonetsa mpira, inabwera pa kabaza itakulungidwa m'bulangete. Amayi anadzaza mabenchi, ena anakhala pamatumba. Che Amidu anavala mkanjo woyera. Asiyatu anakhala kutsogolo ndi kope lake, wokonzeka kulemba zokambirana. Ine ndinavala jekete ndi chipewa chatsopano, thukuta lili kamukamu.

Poyamba zinayenda bwino zedi. Mayi aliyense akaona chithunzi chake pa tivi ankafuula, anzake n'kumamuseka kuti anaima ngati msilikali. Nthungululu zinamveka. Mutu wanga unakula mpaka chipewa chinayamba kuthina. Ndiye ndinati, "Tsopano, a Tcheya, chinthu chachikulu ndasungira inu. Bwerani mukhale woyamba kufufuza. Ingodinani m'kabokosi kobiriwirako."

Che Amidu anati bisimila, n'kudina ndi chala chimodzi.

Kamndandanda kaja kanatsika. Pa laputopu ya ahedi. Pa tivi yaikulu yoonetsera mpira, zilembo zake zazikulu ngati za pa bolodi ya Sitandade 1. Pamwamba pake panalembedwa kuti "Zimene anthu afufuza kwambiri."

"Maso angawa sakuona bwino," anatero Che Amidu. "Wina atiwerengere."

Amene anadzipereka anali Mayi Nambewe, amene mawu awo akamaitanira usipa amamveka mpaka kumsewu wa minibasi. Anaimirira n'kuyandikira tivi.

"Nambala wani, Asiyatu. Nambala thu, Asiyatu chithunzi. Nambala fili, mankhwala omeretsa tsitsi padazi. Nambala folo, mawu ofunsira mkazi osachita chibwibwi." Anapuma pang'ono. "Usipa uli nambala faifi, abale. Watsala pang'ono kulephera."

Palibe anaseka. Bwenzi zili bwino akanaseka. Cholembera cha Asiyatu chinaima pakati pa mzere.

"Aphunzitsi," anatero Che Amidu mofatsa, "anthu ake ndi ati amene akufufuza zimenezi?"

Apa ndinali ndi mpata wonena zoona. M'malomwake ndinamva pakamwa panga pomwe paja pakunena kuti, "Ndi intaneti imeneyo, a Tcheya. Mwina ndi ogula a ku Lilongwe. Anthu a m'tauni mukuwadziwa."

Nkhope ya Che Amidu inasintha. "Ndiye kuti amuna osawadziwa akhala akusakasaka mwana wa mlongo wanga usana ndi usiku? Ife timati tikugulitsa nsomba, kani taika mwana pamsika?" Anatembenukira kwa Asiyatu. "Iwe, ukuwadziwa anthu amenewa? Unapatsa ndani dzina lako?"

"Sindikudziwa chilichonse, amalume," anayankha Asiyatu.

"Chithunzi chake chichoke lero lomwe. Ndipo za ulembi uyambe wasiya, uzikhala pakhomo mpaka tidziwe mutu wake wa nkhaniyi."

Kumbuyo manong'onong'o anali atayamba kale. Ndinamva wina akuti, "Ofatsa omwewa." Bodza langa la mawu ochepa chabe linali likuchotsa munthu wosalakwa pa udindo umene ankaunyadira, n'kumupaka mbiri imene pagombe pano siichoka ndi sopo. Ndinayang'ana Asiyatu, misozi ili lengelenge, ndipo ndinadzida.

Sindikudziwa mphamvu zinachokera kuti. Ndinakweza dzanja ngati mwana wa m'kalasi mwanga, kenako ndinavula chipewa. Kuwala kolowera pa bowo la malata kunagwera pakati penipeni pamutu.

"A Tcheya, ku Lilongwe kulibe amene akuidziwa webusaitiyi. Sitinauze munthu aliyense. Amene wakhala akulowapo ndi mmodzi yekha."

Maso onse anachoka pa tivi, nambala fili, n'kubwera pamutu panga, n'kubwereranso pa tivi. Mayi Nambewe ndi amene anayamba. Anagwira m'mimba n'kukhala pansi pa thumba la bonya. Shedi yonse inaphulika. Mayi wina anachita kutuluka panja kukasekera kumeneko. Asiyatu anabisa nkhope m'kope lake, ndipo sindinadziwe ngati akulira kapena akuseka.

Che Amidu okha sanaseke. Anadikira phokoso lithe.

"Aphunzitsi, amalume muli nawo?"

"Ndili nawo, a Tcheya. Ali ku Chipoka."

"Ali moyo? Miyendo ikuyenda?"

"Ikuyenda."

"Ndiye n'chifukwa chiyani mwatuma tivi kwa ine? Ine ndakhalapo pa maukwati ambiri, koma sindinalandirepo nkhoswe yoyendera magetsi." Anakonza mkanjo wawo. "Asiyatu, pitiriza kulemba. Koma izi usalembe."

Msonkhano unatha bwanji sindikukumbuka. Ndikukumbuka kuti ndinabwerera kunyumba wapansi, podzera njira ya kuseri kwa malo ogona alendo, chipewa chili m'manja chifukwa chinalibenso ntchito. Nditafika ndinazimitsa batani lija. Ndinaganiza zopempha transifa. Ndinaganizanso za Asiyatu, kuti ngati poyamba ndinali ndi kamwayi kakang'ono, tsopano ndakaotcha pamaso pa gulu lonse. Lamulungu sindinatuluke. Lolemba ana a Sitandade 6 anandilonjera mwaulemu wokayikitsa, maso ali kumutu.

Batani lija likazimitsidwa, alendo saonanso zimene ena afufuza, koma mwini webusaiti amazionabe kuseri kuja. Lachiwiri pa buleki ndinalowako, kuti ndifufute manyazi anga onse mpaka kalekale. Pamwamba pa mndandanda panali mzere watsopano, wofufuzidwa kamodzi kokha, Lolemba madzulo, kuchokera pa foni. Sunali wanga.

"dazi si vuto aphunzitsi vuto ndi mantha"

Pambali pake kabokosi kanalemba zimene kanamuyankha munthuyo: pepani, palibe chomwe chapezeka.

Lachisanu lomwelo nditatuluka mu mzikiti ndinakwera minibasi ya ku Salima, n'kulumikiza ya ku Chipoka. Amalume anandimvetsera mpaka kumapeto, n'kundiuza kuti nkhaniyo anaimva kale Lamulungu kwa mayi wina wogulitsa usipa.

Webusaiti ija ikugwirabe ntchito, ndipo usipa unabwerera pa nambala wani. Mawu achinsinsi olowera kuseri kuja tsopano amasunga ndi Asiyatu, poti ndiye mlembi wa gulu, komanso poti ndi mayi wa kunyumba kwanga. Mungaganize kuti ndinaphunzirapo kulankhula ndi pakamwa. Mwezi wathawu ndinapsereza ndi ayironi mpango wake wachikasu uja, womwe uja wa pachithunzi. Ndinaubisa pansi pa matiresi masiku atatu, ndikumuyang'ana akuufunafuna nyumba yonse. Tsiku lachinayi ndili kusukulu ndinatsegula kabokosi kobiriwira kaja n'kulembamo kuti, "mpango ndapsereza ndine pepa."

Yankho ndinalipeza pakhomo, ndipo silinabwere pa intaneti.